Makutu nawo adye pa ulendo wa ku Limbe

Wamalonda wochoka pa Migowi kukaoda katundu ku Limbe amakhala nthawi yaitali m'minibasi, nkumangomvera nyimbo zimene wasankha dalaivala. Kodi nthawi yonseyi izingotayika?

Masiku ano pa foni pali mapodikasiti, mapologalamu onga a pa wailesi amene munthu amamvera pa nthawi yake. Koma si onse aphindu ayi. Woyankhula wabwino amanena kumene watenga nkhani yake, pomwe winayo amangobwebweta miseche. Amene akumva Chingerezi ayambe ndi Focus on Africa ya BBC. Tsitsiranitu musananyamuke, poti netiweki ya m'njira njosadalirika.

Chodandaulitsa nchakuti a m'Chichewa ndi m'Chilomwe ngochepa. Inu ophunzira, mafoni muli nawo. Mukudikira yani kuti ajambule za mtengo wa nandolo ku Phalombe?