Timve ndi Tsala nawonso akula

Makolo, mukuwakumbukira Timve ndi Tsala, ana aja a m'mabuku a Chingerezi kupulaimale? Akadakhala anthu enieni, bwenzi pano ali ndi imvi. Mwina Tsala akulera zidzukulu kufupi ndi Fort Lister, pakati pa mapiri a Mulanje ndi Michesi, munda utakokoloka ndi namondwe Freddy mu 2023. Mwina Timve ntchito idamuthera m'tauni, wabwerera kumudzi chimanjamanja.

Inu mabanja achinyamata, msinkhu umenewu ukubwera. Ana adzachoka, maondo adzayamba kuphwanya, m'nyumba mudzatsala awiriwiri. Mudzakambirana chiyani ngati simucheza lero? Zolowerani kukhala pansi limodzi, kusunga kangachepe, ndi kuwerengera ana buku madzulo. Banja lili ngati dimba, losathirira limafota.