Chinsinsi cha mayi kuchipatala n'chotetezedwa ndi lamulo

Pathupi pakatha nthawi isanakwane, kaya mayi wapita padera kaya wachotsa, chimene chimapha ndi kutaya magazi komanso kuola kwa zotsalira m'chiberekero. Mavuto onse awiriwa amachizika mayi akafika msanga kuchipatala. Komabe ena amabindikira m'nyumba masiku angapo poopa kuti mawa mudzi wonse udziwa. N'chifukwa chake anthu a m'wodi muno ayenera kudziwa zimene lamulo likunena.

M'Malawi, magawo 149 mpaka 151 a Penal Code amaletsa kuchotsa pathupi, pomwe gawo 243 limalola opaleshoni yopulumutsa moyo wa mayi. Koma chithandizo cha mayi amene pathupi patha kale n'chovomerezeka, ndipo chimaperekedwa m'zipatala za boma potsatira ndondomeko za Unduna wa Zaumoyo. Ntchito ya namwino ndi dokotala pamenepo ndi kuchiza, osati kuzenga mlandu.

Chinsinsi cha wodwala chili ndi mizati itatu. Woyamba ndi gawo 21 la malamulo aakulu a dziko lino, lomwe limapatsa munthu aliyense ufulu wosungiridwa zinsinsi zake. Wachiwiri ndi Gender Equality Act ya 2013, yomwe imalamula ogwira ntchito zaumoyo kulemekeza aliyense wofuna chithandizo cha uchembere, mosasankha. Wachitatu ndi malamulo a ntchito a Medical Council of Malawi komanso Nurses and Midwives Council of Malawi, mabungwe omwe ali ndi mphamvu yolanga ngakhale kulanda chiphaso cha woulula za wodwala.

Tanthauzo lake n'lakuti mayi wamkulu ndiye mwini nkhani yake. Mwamuna wake, apongozi, abusa, abwana kuntchito ngakhale amfumu sangauzidwe chomwe chamugoneka m'chipatala popanda chilolezo chake. Buku lake la kuchipatala silowerengedwa ndi aliyense, ndipo kufalitsa nkhani yake pa WhatsApp n'kumuphwanyira ufulu. Ali ndi ufulunso wopempha kuti afunsidwe pamalo poduka mphepo, osati pamzere.

Chitetezochi chili ndi malire. Azaumoyo amene akumuthandiza amauzana zofunika pa chithandizo chake, ndipo khoti likhoza kulamula kuti zolembedwa zake ziperekedwe. Nkhani ya mwana wogwiriridwa nayonso imayenera kufika kwa oteteza ana, koma osati pamsika kapena pamjigo.

Ngati chinsinsi chanu chaululidwa, kadandauleni kwa ombudsman wa pachipatala, kukomiti yoyang'anira chipatala, kapena kwa mkulu wa zaumoyo m'boma lino. Mukhozanso kulembera mabungwe awiri aja kapena Malawi Human Rights Commission.

Mafumu, makomiti a chitukuko ndi alangizi a zaumoyo afikitse uthengawu m'midzi yonse. Mayi akamataya magazi kwambiri, akamamva kutentha thupi kapena kupweteka m'mimba pathupi patatha, mafunso adikire. Choyamba n'kumupezera mayendedwe opita kuchipatala tsiku lomwelo.