Mthunzi kapena madzi: tibzale chiyani pakhomo?

Nyumba ikatha kumangidwa, malata ali mbee ndipo banja lalowamo, pamatsala nkhani imodzi yomwe ambiri amaiyesa yaing'ono: kodi pabwalo pabzalidwe chiyani?

Bambo amafuna mtengo waukulu woti aziyala mkeka pansi pake dzuwa la mu Okutobala likaswa mtengo. Mayi, amene amadziwa kulemera kwa ndowa ndi kutalika kwa mzere wa pamjigo, amafunsa kuti mtengowo uzimwa madzi a yani, nanga masamba ake azisesa ndani.

Funso lomweli lidasautsa anthu a ku Cape m'dziko la South Africa, komwe abale athu ambiri opita ku Joni amagwira ntchito za m'magadeni. Zomera ziwiri za kumeneko zingatithandize kuganiza bwino tisanakumbe dzenje. Chimodzi ndi mtengo wa thundu, china ndi udzu wa m'chipululu.

Thundu ndi mtengo umene pa Chingerezi amautcha oak. Owerenga Baibulo amaukumbuka pa nkhani ya Abisalomu, mwana wa Davide, amene mutu wake udakodwa m'nthambi za mtengo wotere pamene ankathawa nkhondo. Mitundu yake ndi yambirimbiri, koma wodziwika kwambiri ku Cape ndi wochokera ku Ulaya, womwe akatswiri a zomera amautcha Quercus robur.

Tauni ya Stellenbosch, yomwe idakhazikitsidwa ndi Simon van der Stel m'chaka cha 1679, ndiyo likulu la mitengoyi. Atsamunda a ku Holland adapeza kuti matabwa ndi osowa, ndipo mkuluyu adalimbikitsa anthu kubzala thundu. Mitengoyo idachuluka m'misewu mpaka tauniyo idapatsidwa dzina lachiwiri loti Eikestad, kutanthauza mzinda wa mitengo ya thundu.

Ubwino wake ndi woonekeratu. Thundu amatha kutalika mamita 20 mpaka 40 ndipo nthambi zake zimatambalala kwambiri. M'nyengo yotentha amakhala ndi masamba othithikana, mthunzi wake wozizira bwino. Nyengo yozizira ikafika amayoyola masamba onse, dzuwa n'kumafika pakhomo anthu n'kumaothera. Ku Ulaya amakhala zaka mazanamazana. Mtengo wina wotchuka wa m'nkhalango ya Sherwood ku England, wotchedwa Major Oak, akuti udafika zaka zapakati pa 800 ndi 1,000.

Koma paja akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ku Cape kumatentha kuposa kwawo kwa mtengowu, choncho umakula mothamanga ndipo thabwa lake silikhwima ngati la ku Ulaya. Alimi a mphesa amene ankayembekeza kupangira migolo ya vinyo adapeza kuti thabwalo n'lofewa. Mitengo yambiri yakale imaola m'kati n'kukhala ndi mphako, kunja ikuoneka yathanzi. Ikatere pamafunika ndalama zolipira akatswiri odula nthambi zisanagwere denga kapena galimoto.

Vuto lina ndi ludzu. Mtengo waukulu wa thundu umatha kutulutsa madzi okwana malita mazana angapo patsiku kudzera m'masamba pamene kwatentha. Tsono ku Cape mvula imagwa m'nyengo yozizira, cha m'ma Meyi mpaka Ogasiti, pamene mtengo ulibe masamba. Masamba amadzaphuka mvula ikupita, ndipo mtengo umadalira madzi a pansi, a m'ngalande kapena a mwini nyumba.

Apa ndi pamene chilala chidavumbula zambiri. Mvula idavuta zaka zitatu zotsatana, 2015 mpaka 2017, ndipo madamu monga la Theewaterskloof adaphwa mpaka mchenga kuonekera. Kuyambira pa 1 February 2018, akuluakulu a mzinda wa Cape Town adalamula kuti munthu aliyense asagwiritse ntchito madzi oposa malita 50 patsiku. Amenewa ndi ndowa ziwiri ndi theka za malita 20, zomwera, kuphikira, kusamba ndi kuchapira. Kuthirira maluwa ndi madzi a m'mipope kudaletsedwa.

Anthu adachenjezedwa kuti madamu akatsika kufika pa 13.5 peresenti, mipope idzatsekedwa ndipo aliyense azikaima pamzere kutunga malita 25 okha. Tsikulo silidafike chifukwa anthu adasunga madzi ndipo mvula idagwa chaka chomwecho. Komabe kapinga adauma m'makomo ambiri, ndipo eni nyumba adayamba kufunafuna zomera zosalira kuthirira.

Ngati kuti chilala sichidakwane, padabweranso kachilombo. M'chaka cha 2017 akatswiri adapeza ku Pietermaritzburg kafumbwe wina wochokera ku Asia, wotalika mamilimita awiri okha, amene amaboola thunthu la mtengo n'kulowetsamo nkhungu. Nkhunguyo imatseka njira zodutsa madzi ndipo mtengo umayamba kuuma nthambi imodziimodzi. Pofika 2019 kachilomboka kadapezeka ku Somerset West, pafupi ndi Stellenbosch. Thundu wa ku Ulaya ali m'gulu la mitengo yomwe imafa msanga nako, ndipo kamafala kwambiri anthu akamanyamula nkhuni kuchoka dera lina kupita kwina.

Tsono tiyeni tipite kumpoto, ku Karoo, ku Kalahari ndi ku chipululu cha Namib, komwe kuli udzu wotchedwa Bushman grass, kapena kuti Stipagrostis. Udzuwu sufa chaka chikatha. Umamera m'mapata ngati nsenjere, koma ndi waufupi, mitundu yambiri sipitirira mita imodzi. Chaka ndi chaka umaphukanso pa phata lomwelo.

Kukongola kwake kuli pa ngayaye. Mbewu iliyonse ili ndi kanthenga koyera, ndipo udzu ukakhwima dambo lonse limanyezimira ngati siliva mphepo ikamaomba. Kanthengako ndi komwe kamathandiza mbewu kuuluka kukagwa patali.

Chilala chikafika udzuwu umauma pamwamba, munthu n'kuyesa wafa. Moyo umakhala uli pa phata ndi m'mizu. Kamvula kakangowaza, pakapita masiku owerengeka wabiriwira. N'chifukwa chake alimi a nkhosa ndi ng'ombe a ku Namibia ndi ku Northern Cape amauwerengera kwambiri ngati msipu.

Mtundu wina, Stipagrostis sabulicola, umamera pa milu ya mchenga ya ku Namib komwe chaka chimatha kudutsa mvula osagwa. Umakhalira nkhungu yochokera kunyanja ya Atlantic. Masamba ake ali ndi timizere tating'onoting'ono, ndipo madontho a nkhungu akagwirira amatsetsereka m'timizereto mpaka patsinde. Udzu umadzithirira wokha.

Pakhomo, udzu wotere sufuna feteleza, sufuna kuthirira kawirikawiri, ndipo mizu yake singang'ambe khoma kapena kuboola paipi. Umakula m'chaka chimodzi kapena ziwiri. Ntchito yake ndi kuudula kamodzi ukauma.

Nawonso uli ndi pofooka pake. Sungakhale pansi pake, sungamangepo chingwe choyanikira zovala, supereka nkhuni kapena thabwa. Ukauma umayaka ngati palafini, choncho si wobzala m'mbali mwa khitchini kapena pafupi ndi nkhokwe. Ndipo umafuna mchenga kapena nthaka ya miyala yosasunga madzi. Pa dothi la makande, kapena kumalo a mvula yambiri ngati ku Mulanje ndi ku Nkhata Bay, mizu yake ingaole.

Kunena zoona, palibe mwa ziwirizi chimene tingathamangire kukabzala ku Balaka, ku Mponela kapena ku Luchenza. Thundu wa ku Ulaya amafuna nyengo yozizira ndithu, ndipo kutentha kwa ku Salima kapena ku Nsanje sangakupirire. Mtengo wina umene ena amautcha silky oak, wobzalidwa m'minda ya tiyi ndi khofi m'mayiko ambiri a mu Africa muno, si thundu ayi. Ndi Grevillea robusta wochokera ku Australia, dzina lokha ndilo limasokoneza.

Chimene tingatengepo ndi mafunso oti banja lidzifunse lisanagule mbande.

Loyamba ndi la malo. Pa poloti yaing'ono ya pa tauni, mtengo waukulu umadzafika pa denga, pa mawaya a magetsi, pa chimbudzi ndi pa mpanda wa aneba. Ku England thundu ali m'gulu la mitengo yodziwika ndi kung'alutsa nyumba zomangidwa pa dothi la makande, chifukwa mizu imamwa chinyezi, dothi n'kunyala, maziko n'kutsika. Makande tili nawo kuno. Langizo losavuta ndi lakuti pa nthaka yotere, mtengo utalikirane ndi nyumba monga momwe udzatalikire ukadzakula.

Lachiwiri ndi la madzi. Ngati madzi mumagula pa kiyosiki kapena mumatunga patali, werengani ndowa zomwe mbande idzamwe m'chilimwe choyamba ndi chachiwiri. Ndi bwino kubzala mvula ikangokhazikika. Nyengo yobzala mitengo m'dziko muno imayamba pa 15 December n'kutha pa 15 April, ndipo wobzala koyambirira amapatsa mbande miyezi yambiri yozika mizu.

Lachitatu ndi la nthawi. Amene ali pa lendi, kapena wogwira ntchito yosamukasamuka, apindula ndi udzu ndi zomera zazifupi. Amene ali pa malo akeake angathe kubzalira adzukulu.

Lachinayi ndi la ziweto. Zipatso za thundu nkhumba zimadya bwinobwino, koma ng'ombe, nkhosa ndi akavalo zikadya zambiri zimadwala impso. Chomera chilichonse chachilendo muzifunsa kaye ngati sichipweteka mbuzi kapena ana.

Ndipo zomera zogwira ntchito ziwirizi tili nazo kale. Pa ntchito ya udzu pali vetiva, amene alangizi a zaulimi akhala akulimbikitsa pa akalozera. Mizu yake imalowa pansi molunjika mamita atatu kapena kuposerapo, imagwira nthaka, ndipo sayenderera m'munda. Mzere wake m'munsi mwa bwalo umaletsa madzi a padenga kukumba chigwembe. Pa ntchito ya mthunzi pali mango, amene amabweretsanso zipatso, ndipo kwa amene ali ndi malo aakulu pali mbawa.

Banja la malo okwanira lingathe kubzala zonse ziwiri, mtengo umodzi kumadzulo kwa nyumba patali ndi khoma kuti uzitchinga dzuwa la masana, ndi mzere wa udzu komwe madzi amathamangira. Musanakumbe dzenje, tengani chingwe muyeze kuchokera pakhoma, ndipo mayi amene adzatunge madziwo anenepo maganizo awo.