NCHITO YA DOTOLO MOLYNEUX: MMENE MAPEPALA ANAPULUMUTSIRA ANA

Mbeu yabwino imadziwika ndi kuculuka kwa anthu odzaipempha. Momwemonso ndi anthu ofufuza nzeru. Munthu akapeza cinthu catsopano amacilemba m'nyuzi za akatswiri, ndipo anzace akacigwiritsa nchito amachula dzina lace m'mapepala ao. Pepala lochulidwa kawirikawiri ndilo lathandiza ambiri. Sabata ino tikuuzani za Dotolo Malcolm Molyneux, amene anamwalira m'caka ca 2021, ndi za mapepala amene analemba pamodzi ndi anzace.

Dotolo ameneyu anafika m'Malawi m'caka ca 1974. Anayamba nchito ku cipatala ca Malosa, pambuyo pace nasamukira ku cipatala ca Queen Elizabeth, cimene ambiri amati Gulupu, ku Blantyre. Kumeneko anaona ana ambiri akufa ndi malungo ogwira bongo, aja amene mwana amakomoka osadziwa kanthu.

Bvuto linali lakuti panalibe njira imodzi yoyezera kukomoka kwa mwana. Muyeso wa ku Glasgow, wolembedwa mu 1974, unali wa akulu otha kuyankha mafunso. Nanga khanda losayankhula ungalifunse ciani?

PEPALA LA 1989

Tsono Dotolo Molyneux anagwirizana ndi Dotolo Terrie Taylor wa ku Michigan m'dziko la America, Dotolo Jack Wirima wa kuno kwathu, ndi Dotolo Borgstein. Anayang'anira ana 131 okomoka, ndipo mu 1989 anasindikiza zimene anapeza. M'pepalamo munali muyeso wapafupi woyang'ana zinthu zitatu: ngati maso a mwana atsata cinthu, kaliridwe kace, ndi mmene acitira akamva kupweteka. Malikisi ace ayambira pa 0 kulekeza pa 5. Mwana wopeza 2 kapena kucepera apo ndiye kuti wakomoka zedi.

Muyeso umenewu sufuna makina kapena magetsi, ndipo namwino ali yense angauphunzire. Lero udziwika ndi dzina la Blantyre m'maiko ambiri, ndipo madotolo olemba za malungo a ana, kaya m'Africa kaya kutsidya kwa nyanja, amachulabe pepala lija.

MUTU UMODZI SUSENZA DENGA

Nchitoyo siinathere pa madotolo a ana okha. Dotolo wa maso, Susan Lewallen, anayang'ana m'kati mwa maso a ana odwalawo, napeza zizindikiro zimene malungo amasiya m'menemo. Zimenezi zinalembedwa mu 1993.

Kenaka anadza akatswiri opima mitembo. Makolo ena, ali ndi cisoni cacikuru, analola kuti ana ao apimidwe. Pepala la 2004 linanena kuti mwa ana 31 oyesedwa kuti anafa ndi malungo a m'bongo, 7 anafa ndi matenda ena. Cizindikiro cimene cinasiyanitsa magulu awiriwa cinali cija ca m'maso.

Mu 2008 makina ojambula m'kati mwa mutu, ochedwa MRI, anafika ku Blantyre. Dotolo Karl Seydel, Dotolo Sam Kampondeni ndi anzao anajambula ana 168. Mwa iwo 25 anamwalira, ndipo 21 mwa omwalirawo anali ndi bongo wotupa kwambiri. Motero mu 2015 kunadziwika kuti kutupako ndiko kumapanikiza mbali ya bongo yolamulira kupuma, mpaka mwana naleka kupuma.

Onani tsono kuti pepala liri lonse linaponda pa linzace. Wa ana, wa maso, wopima mitembo ndi wojambula, onse anafunana, ndipo dzina la Molyneux lipezeka pakati pa maina ao.

MAU KWA MAKOLO

Makolo amene analola ana ao kupimidwa maina ao salembedwa pamwamba pa mapepalawa, koma popanda iwo nzeruzi sizikadapezeka. Tiyenera kuwathokoza.

Ndipo inu a m'midzi, mwana akatentha thupi, akamagwidwa ndi linjirinjiri, kapena akagona osadzuka pomuitana, musacedwe ndi kudikira kuti kuce. Thamangani naye ku cipatala msanga. Nzeru za m'mapepala zithandiza mwana yekhayo amene wafika nthawi isanathe.