Werengani dzina la fayilo musanamuikire kasitomala filimu

Inu amene mumaika mafilimu m'mafulashi ndi m'mamemore khadi mukulidziwa vutoli: kasitomala walipira, wapita, mawa lake wabwerera nkhope ili gwaa, akuti filimu ikukana kuonetsa pa TV yake. Apo mubweze ndalama, kapena mutaye nthawi kumuikiranso. Chikhalirecho chenjezo limakhala litalembedwa kale pa dzina la fayilo, kungoti ambiri saliwerenga.

Tiyerekeze dzina lili ndi 1080p, x265 ndi mkv. Nambala ya 1080p ikunena za kukula kwa chithunzi. Za 720p ndi 480p n'zocheperapo, komanso sizidya malo ambiri. Woonera pafoni 480p imamukwanira, ndipo memore yake ilowa mafilimu ochuluka. Pamene palembedwa x265, kapena HEVC, samalani. Fayilo yotere imakhala yaing'ono, koma ma TV ambiri akale sayitsekula. Ya x264 yothera ndi mp4 ndiyo imatseguka pafupifupi paliponse. Mukaona CAM, ndiye kuti wina anachita kujambula ndi kamera m'nyumba yoonetsera mafilimu. Imeneyo ingokuthamangitsirani makasitomala.

Pomwe ambiri amagwa m'mbuna ndi pa mafilimu a ku Korea kapena ku India, amene munthu amawatsatira powerenga mawu a m'munsi. Mawuwo nthawi zina amabwera m'kafayilo kapadera kothera ndi srt. Kameneka kakhale m'foda imodzi ndi filimuyo, ndipo mayina awo afanane ndendende, apo ayi sikaoneka. Nthawi zina amakhala m'kati mwa fayilo ya mkv, ndipo mukaisintha kukhala mp4 mosasamala amatha kusowa. Pulogalamu ya HandBrake, yomwe ndi yaulere, ili ndi malo olembedwa Burn In. Mukachonga pamenepo mawu amamatirira pa chithunzi, moti amaoneka pa chipangizo chilichonse. Kuipa kwake n'kwakuti sangachotsedwenso.

Filimu yaitali imatenga nthawi kusintha, makamaka pakompyuta yakale, ndipo magetsi akathima pakati mumayambiranso. Choncho yambani mwayesa kachidutswa kakafupi pa Preview, muone ngati mawu akutuluka nthawi imodzi ndi milomo ya olankhula. Zina zonse zisiyeni pa Queue zizisinthika inu mukutumikira ena.

Palinso nkhani ya fulashi imene. Yambiri imabwera ili pa FAT32, yomwe silola fayilo imodzi yopitirira 4GB ngakhale malo alipo ambiri. Kuyiika pa exFAT kumathandiza, koma si TV iliyonse imawerenga exFAT, ndiye kuchepetsa filimuyo n'kwabwinoko.

Za chilolezo musazitaye: umwini wa nyimbo ndi mafilimu umatetezedwa ndi lamulo, ndipo bungwe la COSOMA ndilo lofunsako. Koma musanalandire ndalama, mufunseni kasitomala kuti akaonera pa chiyani: foni ya mabatani, foni yaikulu, kapena TV.