Kulera Kamwana Kutali ndi Mudzi

 Lero tikambirana za munthu wamng'ono kwambiri m'banja, koma amene amatha kugwedeza nyumba yonse. Tikunena mwana amene wasiya kukwawa ndipo wayamba kuyenda dzandidzandi, wa chaka chimodzi kufikira zaka 3. Tilankhula makamaka ndi abale athu amene akulera ana otere mumzinda wa Cape Town, ngakhale kuti mawuwa athandizanso kholo lililonse lokhala kutali ndi kwawo.

Tiyambe ndi funso ili: kodi zinatheka bwanji kuti ana a Amalawi azikulira ku Cape Town? Kale opita ku Joni anali amuna okhaokha. Ankalembedwa ndi Wenela kukagwira ntchito m'migodi, akazi ndi ana n'kutsala kumudzi. M'chaka cha 1974 ndege yonyamula anthu a m'migodi inagwa ku Francistown m'dziko la Botswana ndi kupha Amalawi oposa 70, ndipo Dr. Kamuzu Banda analetsa kulemba anthu. Kulembako kunayambiranso mu 1977, n'kudzatha mu 1988. Ulamuliro wa tsankho utatha mu 1994, ulendo wa ku Joni unasintha. Tsopano amapita ndi amuna ndi akazi omwe, kukasamalira maluwa, kukagwira ntchito za m'nyumba, za ulonda ndi za m'malo odyera. Ambiri a iwo amachita lendi chipinda chimodzi m'madera monga Masiphumelele, Imizamo Yethu ku Hout Bay, Dunoon ndi Capricorn. M'zipinda zimenezo ndi mmene ana athu akuphunzirira kuyenda.

Tsono taganizani mmene ife tinaleredwera. Kumudzi mwana saleredwa ndi anthu awiri okha. Mayi akapita kudimba, agogo amakhala pakhonde. Mwana akalunjika kumoto, azakhali amamubweza. Akalira, mchemwali wake amamubereka. Akapulupudza, amalume amakhala ndi mawu. Akuluakulu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo sanali kungonena. Mudzi unkapereka zinthu zitatu kwa kamwana popanda wina kuziganizira: maso omuyang'anira, pakamwa pomulankhula, ndi dzanja lomuwongolera. Ku Cape Town mudzi umenewo kulibe. Bambo ndi mayi amadzuka kusanache kuthamangira minibasi, ndipo amabwerera dzuwa litalowa. Chotero zimene mudzi unkachita mosakonzekera, kholo la ku Cape Town liyenera kuzichita mwadala. Tiyeni tizione chimodzichimodzi.

Choyamba ndi maso. Mwana wa msinkhu uwu miyendo imamufikira msanga kusiyana ndi nzeru. Amatha kukwera pampando, koma sadziwa kuti angagwe. Chilichonse amachidziwa pochigwira ndi kuchiika m'kamwa. Kumudzi bwalo ndi lalikulu ndipo kukhitchini n'kwapadera. Koma m'chipinda chimodzi, bedi, mbaula, ketulo ndi ndowa ya madzi zonse zili pamalo amene dzanja la mwana limafika. Madokotala a chipatala cha ana cha Red Cross War Memorial ku Rondebosch, chimene chinatsegulidwa mu 1956, amalandira ana ambiri opsa, ndipo chimene chimaotcha tiana tochuluka si malawi a moto koma madzi otentha, tiyi ndi phala. Mwana amangokoka chingwe cha ketulo kapena nsalu ya patebulo, basi ngozi yachitika.

Nanga tichite chiyani? Gwadani pansi, muyang'ane chipinda chanu muli pa msinkhu wa mwanayo, ndipo chilichonse choopsa chimene mwachiona muchikweze. Parafini musamuthire m'botolo la zakumwa zoziziritsa kukhosi, pakuti mwana sasiyanitsa. Ngati wamwa parafini, musamusanzitse ndipo musamupatse mkaka, chifukwa posanza parafiniyo amalowa m'mapapo. Thamangirani naye kuchipatala. Ngati wapsa, thirani madzi ozizira pamalopo kwa mphindi 20, ndipo musapakepo dzira, mafuta kapena mankhwala otsukira mano. Mankhwala a makoswe ogulitsidwa m'misewu opanda dzina musalowe nawo m'nyumba mmene muli mwana. Ndowa ya madzi ikhale yovindikira, chifukwa kamwana kamatha kumira m'madzi ochepa kwambiri. Ndipo musamutsekere mwana yekha m'nyumba, ngakhale mukuti mukungofika pagolosale. Moto wa ku Imizamo Yethu m'mwezi wa Malichi 2017 unasiya anthu zikwizikwi opanda pokhala, ndipo wa ku Masiphumelele mu Disembala 2020 unapsereza nyumba zoposa 1,000. Nyumba zikathithikana ndipo mphepo ya kunyanja ikuomba, moto sudikira kuti mayi abwere ndi kiyi.

Maso amenewa afikenso kumene mwana amaswera. Musanamusiye kusukulu ya mkombaphala kapena kwa mayi wolera ana a anzake, lowani mkati mudzionere nokha. Werengani ana, muwerengenso owasamalira. Onani pamene amaphikira, funsani zimene ana amadya, ndipo funsani ngati malowo analembetsedwa ku boma. Za sikelo nazonso musazengereze. Kabuku kotchedwa Road to Health, kamene mwana amalandira akabadwa, ndi mmene mumalembedwa katemera ndi kulemera kwake, ndipo kamafunika pomulembetsa sukulu. Kasungeni m'pepala la pulasitiki pamodzi ndi chikalata cha kubadwa kwake, chimene lamulo limati chilembetsedwe pasanathe masiku 30. Makolo ena amaopa kupita kuchipatala chifukwa cha nkhani ya mapepala. Dziwani kuti kuyambira mu 1994 ana osakwana zaka 6 amathandizidwa mwaulere m'zipatala za boma, ndipo mu 2023 bwalo lalikulu la milandu ku Johannesburg linatsimikiza kuti ufulu umenewu ndi wa mwana aliyense, posayang'ana dziko limene makolo ake anachokera.

Chachiwiri ndi pakamwa. Mwana saphunzira kulankhula pongomva phokoso. Amaphunzira pamene munthu akumuyang'ana, akumulankhula ndi kumuyankha. Akaloza galu n'kunena mawu osamveka, mayi n'kuyankha kuti, "Eya, ndi galu ameneyo, akuthamanga," pamenepo mwana waphunzira. Pofika zaka 2 ana ambiri amayamba kulumikiza mawu awiri, monga "mama bwera". Kumudzi omuyankha amakhala ambiri. Ku Cape Town kholo limafika lotopa, ndipo yesero lalikulu ndi kumupatsa mwana foni kuti akhale chete. Foni imalankhula, koma siyankha mwana. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linalangiza mu 2019 kuti mwana wosakwana zaka 2 asamaonetsedwe kanema, ndipo wa zaka 2 mpaka 4 asapitirire ola limodzi patsiku. Sitikunena kuti mupeze nthawi imene mulibe. Nthawi yomusambitsa, yomudyetsa ndi yomugoneka ndi yokwanira ngati mukulankhula naye. Muuzeni dzina la chimene mukuphika. Muimbireni nyimbo zimene anakuimbirani amayi anu. Musimbireni nthano ya Kalulu ngakhale akuoneka ngati sakumva.

Apa pamabuka funso lakuti: timulankhule chinenero chiti? Kunja mwana akumva Chixhosa, Chiafrikaans ndi Chingerezi, ndipo makolo ena amasiya Chichewa poopa kuti amusokoneza. Akatswiri a kakulidwe ka ana anaona kuti zinenero ziwiri kapena zitatu sizisokoneza mwana. Nthawi zina amasakaniza mawu, koma pakupita kwa nthawi amazilekanitsa yekha. Chingerezi adzachipeza kusukulu ndi kwa anzake. Chichewa, Chitumbuka kapena Chiyao sadzachipeza kwina ngati sachipeza m'kamwa mwanu. Tikudziwa kuti ena amaopa kulankhula chinenero cha kwawo pagulu, pokumbukira zipolowe za mu Meyi 2008 zimene zinaphetsa anthu 62 m'dziko la South Africa. Kuchenjera panjira n'koyenera, koma m'nyumba mwanu lankhulani momasuka. Tsiku limene agogo adzaimba foni, kodi mdzukulu wawo adzatha kuwayankha? M'buku la Eksodo chaputala 2 timawerenga za Mose, amene anakulira m'nyumba ya Farao koma anayamwitsidwa ndi mayi ake enieni. Atakula anadziwa kuti abale ake ndi ati. Zaka zoyambirira zimene mwana amakhala pamiyendo ya mayi ake si zazing'ono ayi.

Chachitatu, ndipo ndi chovuta kuposa zonse, ndi dzanja lomuwongolera. Mwana akamayandikira zaka 2 amatulukira mawu akuti "ayi", ndipo amawakonda. Amakana kudya, amakana kuvala, amadzigwetsa pansi mu sitolo n'kumalira anthu akuonerera. Kholo limachita manyazi, mtima n'kuliuza kuti mwanayu wayamba mwano. Koma timvetse chimene chikuchitika. Mwanayo wangozindikira kumene kuti iye ndi munthu payekha, wokhala ndi zofuna zake, pamene mawu ofotokozera zofunazo alibe. Mbali ya ubongo imene imathandiza munthu kudziletsa imakhwima pang'onopang'ono kwa zaka zambiri. Akakhala ndi njala, tulo kapena kutopa, mkwiyo umamusefukira monga mkaka pamoto. Mwana wa chaka chimodzi kapena ziwiri amafunika kugona maola 11 mpaka 14 patsiku, ndipo kulira kwambiri kwa madzulo kumachokera ku tulo, osati ku mwano.

Ambiri a ife tinakulira pa mkwapulo. Koma wokhala ku South Africa adziwe kuti lamulo la kumeneko ndi lina. Kukwapula ana m'sukulu kunaletsedwa mu 1996. Kenaka pa 18 Seputembala 2019, bwalo lalikulu loona za malamulo oyendetsera dzikolo linagamula kuti ngakhale kholo m'nyumba mwake silingadziteteze ponena kuti linamenya mwana pofuna kumulanga. Amene anakadandaula kubwalolo pofuna kuti makolo asalandidwe mphamvuyi anali a bungwe la Freedom of Religion South Africa, ndipo amene analemba chigamulo anali mkulu wa oweruza Mogoeng Mogoeng, munthu wosabisa Chikhristu chake. Tanthauzo lake n'lakuti mbama kapena chikoti chingamufikitse kholo kupolisi, ndipo kwa mlendo m'dziko la eni nkhani yotere imakula msanga.

Mwina wina afunsa kuti: nanga buku la Miyambo silitchula za nthyole? Limatchuladi, ndipo phunziro lake lalikulu ndi lakuti kholo lokonda mwana silimulekerera. Koma Mawu a Mulungu omwewo, pa Aefeso 6:4 ndi pa Akolose 3:21, amachenjeza atate kuti asapsetse mtima ana awo kapena kuwafooketsa, ndipo pa Aroma 13 amatiuza kumvera olamulira. Lamulo la South Africa silinaletse kulanga mwana. Linaletsa kumumenya. Ndipo tinene zoona: kumenya kwambiri kumene kumachitika madzulo m'nyumba zathu sikuchokera m'chikondi cholingalira bwino, koma m'kutopa, m'nkhawa ya lendi, ndi m'mawu opweteka amene kholo lameza kuntchito tsiku lonse. Mwana wa zaka 2 amasenza mkwiyo umene mwini wake ndi wina.

Tsono kamwana tingakawongole bwanji? Malamulo akhale ochepa, ndipo akhale omwewo dzulo, lero ndi mawa. Bambo akati ayi, mayi asati inde. Mwana akagwira choletsedwa, gwadani mufanane naye msinkhu, mumuyang'ane m'maso, munene mawu ochepa monga "ayi, chimaotcha", kenaka mumuchotse pamalopo ndi kumupatsa china choti agwire. Mudzabwereza kakhumi, pakuti umo ndi mmene amaphunzirira. Akadzigwetsa pansi, onetsetsani kuti sadzipweteka, khalani pafupi modekha mpaka mkuntho udutse, koma chimene amalirira musamupatse, chifukwa mukatero mwamuphunzitsa kuti kulira ndi ndalama. Pa zinthu zosaopsa mulekeni asankhe, kaya malaya ofiira kapena oyera. Makolo athu anati mwana akalirira nyanga ya nsatsi msemere, imufotere yekha. Akachita bwino muyamikireni pomwepo. Ndipo mukamva kuti mtima wanu wafika pakhosi, muikeni pamalo abwino, mupume kaye. Mwana wamng'ono musamugwedeze mwaukali ngakhale pang'ono, chifukwa kutero kumavulaza ubongo.

Zonsezi n'zolemera kwa anthu awiri, ndipo n'zolemera koposa kwa mayi amene ali yekha. N'chifukwa chake ena amatumiza mwana kwa agogo ku Malawi. Sitikuwaweruza, pakuti aliyense amadziwa katundu wake. Koma amene mwatero, kumbukirani kuti kutumiza ndalama sikulowa m'malo mwa mawu anu. Imbani kawirikawiri kuti mwanayo asakuiwaleni. Ndipo amene ana anu muli nawo, mangani mudzi pamene mulipo. Mutu umodzi susenza denga. Mabanja awiri kapena atatu okhulupirirana angathe kusinthana kuyang'anira ana malinga ndi masiku opuma. Amayi achikulire a mumpingo akhale agogo a ana amene agogo awo ali kutali. Abambo, mwana si wa mayi yekha. Kumusambitsa ndi kumunyamula sikuchotsa ulemu wa mwamuna.

Pomaliza, tikumbuke kuti Mateyu chaputala 2 amatiuza kuti Yosefe ndi Mariya anathawira ku Igupto ndi Yesu ali kamwana, ndipo anakhala kumeneko kufikira Herode atamwalira. Iwonso analera mwana m'dziko la eni, kutali ndi abale awo. Mulungu amadziwa kulemera kwa ntchito imene mukugwira m'kachipinda kanu. M'mera mpoyamba, abale athu. Zaka zitatuzi zimatha msanga, ndipo sizibwereranso. Usiku uno, musanagone, yang'anani pamene pali ketulo, ikani foni pambali, ndipo mulankhule ndi mwana wanu m'chinenero cha amayi anu.

 Ambuye akudalitseni pamodzi ndi ana anu.