Mmisiri wotchipa amadula mvula ikagwa

Munthu woyenda pamsewu wochoka ku Liwonde kupita ku Ntaja ndi Nselema, kapena wodzera pa Ulongwe polowera ku Mangochi, amaona nyumba zamalata zatsopano uku ndi uku. Zina n'zokongola ndithu. Koma pakati pa zokongolazo pali zina zomwe zidaima palintala, udzu n'kumera m'zipinda. Zina zili ndi ming'alu yoti chala n'kulowa, pomwe zina eni ake adasanjika miyala padenga kuti malata asauluke.

Ndalama zomangira nyumbazi sizibwera mophweka. Ena adagulitsa mpunga wa kudambo la nyanja ya Chilwa, ena thonje kapena nandolo, ena adatenga ngongole kuntchito. Zinanso, maka ku Machinga, ndi thukuta la abambo ndi anyamata omwe ali ku Joni.

Nkhani ya a ku Joniwa ndiyo imamvetsa chisoni kwambiri. Bambo atumiza ndalama kuchokera ku Johannesburg kapena Durban, mkazi kapena mlamu kumudzi n'kupeza bilidala amene wina wamutchula kumsika. Amvana pakamwa, popanda pepala kapena mboni. Bilidala apempha theka la ndalama, ati agulire zipangizo ndi kulipira anyamata ake. Kuyambira apo mwini nyumba ntchito amangoionera pazithunzi za pa WhatsApp, ndipo chithunzi sichionetsa kuya kwa maziko kapena kuchuluka kwa simenti yomwe yalowa m'khoma.

Sikuti malamulo kulibe. M'chaka cha 1996 Nyumba ya Malamulo idakhazikitsa bungwe la National Construction Industry Council, lomwe ambiri adalizolowera kuti NCIC, ndipo kuyambira pamenepo kontirakita amayenera kulembetsa asanayambe ntchito. M'matauni ngati Liwonde ndi Balaka, pulani ya nyumba imayenera kuvomerezedwa ndi khonsolo. Mmisiri wophunzira naye amakhala ndi pepala loonetsa, kaya la trade test kaya lochokera kusukulu ya ntchito zamanja monga Nasawa ku Zomba.

Koma zoona zake n'zakuti banja lomanga nyumba ya zipinda zitatu ku Phalula kapena ku Nsanama silingakwanitse kulemba kampani. Limadalira mmisiri wa m'dera, ndipo ambiri mwa amisiriwa ntchito adaiphunzira ponyamulira matope amalume awo. Ena mwa iwo amamanga khoma loongoka kuposa a mapepala, pamenepo tisanamizane. Vuto ndi lakuti munthu wosalembetsa kulikonse akaononga ntchito kapena akathawa, palibe buku loti dzina lake lifufutidwemo. Amangosamukira kwina n'kukayamba nyumba ina, wolira n'kukhala mwini nyumba.

Zolakwika za mmisiri wotere zimabisala. Madera ena a m'mbali mwa mtsinje wa Shire ndi nyanja ya Chilwa ali ndi dothi la makande, lomwe limafufuma likanyowa n'kung'aluka likauma. Maziko osazama pamalo otere amagwedezeka limodzi ndi dothilo ndipo khoma silichedwa kung'ambika. Wofuna kupulumutsa matumba a simenti, ena oti akagulitse kunja kukada, amachulutsa mchenga, mwinanso mchenga wake wosakanikirana ndi dothi. Pulasitiki wakuda woyala pamwamba pa maziko kuti chinyezi chisakwere m'khoma amamudumpha. Konkire imafuna kuthiriridwa madzi kwa masiku osachepera 7 ndipo mphamvu yake imakwanira pakatha masiku 28, koma wothamangira ntchito ina amasanja njerwa pa lintala yothira dzulo. Akapaka pulasitala ndi penti, zonsezi zimakwiririka.

Denga ndiye loopsa zedi. Mitengo ya denga imayenera kumangidwa ndi waya wozikika m'khoma, mizere ingapo ya njerwa kuchokera pamwamba. Ikangokhazikidwa chabe, mphepo ya mkuntho ya kumayambiriro kwa dzinja imasasula denga lonse, nthawi zina pamodzi ndi njerwa zomwe zimagwera anthu ali mtulo. Matabwa osapaka mankhwala nawo ndi chakudya cha chiswe.

Nyengo ya masiku ano siikhululukira ntchito yotere. Mu Januwale 2015, Machinga ndi Balaka adali m'gulu la maboma 15 omwe boma lidalengeza kuti mwagwa ngozi ya madzi osefukira. Kudabwera namondwe wa Idai mu 2019, wa Ana mu 2022, kenako wa Freddy mu Malichi 2023 yemwe adasiya anthu oposa 600,000 alibe pokhala m'chigawo cha kummwera. Si nyumba iliyonse yomwe idagwa kaamba ka mmisiri, poti madzi a Freddy adakokolola ndi milatho yomwe. Komabe mvula ikagwa masiku angapo osakata, yoyamba kugonja ndi nyumba ya maziko osazama komanso yopanda khonde loteteza makoma. Chitachitika chivomezi cha ku Karonga mu Disembala 2009, boma lidatulutsa malangizo a kamangidwe ka nyumba zolimba, koma mmisiri yemwe sadakhalepo pamaphunziro alionse n'kovuta kuti awadziwe.

Pamagetsi ndiye osayerekeza n'komwe. Wolumikiza mawaya m'nyumba amayenera kukhala ndi chiphaso cha bungwe la MERA. Waya woonda kapena wolumikiza mwachisawawa amatenthera m'khoma mwakachetechete mpaka tsiku lomwe adzayatse nyumba.

Nanga zinthu zikasokonekera munthu angathamangire kuti? Kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya simenti ndi malata idakwera, ndipo nthawi zotere ndi pomwe mgwirizano wapakamwa umathera pamkangano. Mmisiri akuti ndalama zidachepa, mwini nyumba akuti adapereka zonse. Kulandira ndalama mwachinyengo ndi mlandu wa kupolisi, koma ntchito yosalongosoka nthawi zambiri imakathera kwa mfumu kapena kukhoti, ndipo majisitireti amafuna umboni. Wopanda lisiti, kalata kapena mboni amapita kukhotiko ndi pakamwa pokha.

Anthu omwe amanga bwino m'maderawa sachita zachilendo. Asanalembe mmisiri amakaona nyumba yomwe iye adamanga zaka zitatu kapena zinayi zapitazo, osati ya mwezi watha, n'kucheza ndi mwini wake mmisiriyo palibe. Mgwirizano amaulemba, ngakhale patsamba la m'kope la mwana wasukulu, n'kusainirana pamaso pa nyakwawa kapena mkulu wa kumpingo kaya kumzikiti. Simenti, malata ndi matabwa amagula okha n'kusunga malisiti, ndipo posakaniza simenti pamakhala wachibale woonerera.

Malipiro amapereka m'magawo: maziko akatha, khoma likafika palintala, kenako denga likafoleredwa. Gawo lomaliza ena amaligwira kaye mpaka mvula yoyamba ya Novembala kapena Disembala itagwa, kuti aone ngati denga likudontha, makoma akunyowa kapena zitseko zayamba kukana kutseka. Mmisiri wokana kudikira mvulayo ndi bwino kumufunsa chifukwa chake asanakumbe maziko.